Kuchoka ku Britain mpaka ku Portugal pa galimoto yogonamo: malangizo kwa wofuna kuyenda mosathamanga

Galimoto yogonamo, imene Angerezi amaitcha motorhome ndipo Afalansa amati camping-car, imakhala ndi bedi, kakhitchini, chimbudzi ndi thanki ya madzi, moti pamene mwaima ndi pomwe mwafika kwanu usiku umenewo. Malangizo awa ndalembera makamaka Mmalawi wokhala ku Britain amene akufuna kuwoloka nyanja n'kukayenda miyezi iwiri kapena itatu m'mayiko a France, Spain ndi Portugal. Kuchoka ku Calais kukafika ku Faro, kummwera kwa Portugal, ndi makilomita opitirira 2,000, ndipo munthu wa liwiro angathe kuwamaliza m'masiku atatu, koma zimene angakasimbe pobwera ndi mitengo ya dizilo basi. Ulendo wosathamanga sukonzedwa powerenga makilomita. Ukonzedwa poyang'ana malire anayi amene simungawalumphe: masiku amene mwaloledwa kukhala, kulemera kumene galimoto yaloledwa kunyamula, madzi amene ali m'thanki, ndi magetsi amene mwapatsidwa pamalo ogona.

Yambani ndi kuwerenga masiku

Mayiko atatu onsewa ali m'dera la Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya osaonetsana mapasipoti pamalire a pakati pawo, limene mlendo amaloledwa kukhalamo masiku osapitirira 90 pa masiku 180 alionse. Anthu ambiri amalakwitsa poganiza kuti masiku 180 amenewa amayamba mu Januwale n'kutha mu Juni, pamene zoona zake n'zakuti amawerengedwa chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsiku lililonse limene muli m'deralo. Ngati munapita ku Paris kwa sabata imodzi miyezi itatu yapitayo, masiku 7 amenewo achotsedwa kale pa 90 aja. Tsiku lolowa ndi tsiku lotuluka onse amawerengedwa athunthu, ngakhale mutatsika m'sitima patatsala mphindi khumi kuti ikwane 12 koloko usiku. Kuyambira mu Okutobala 2025 mayikowa anayamba kulemba alendo pa kompyuta, kuwajambula nkhope ndi zala, kotero kuti tsiku limodzi lopitirira limaoneka msanga.

Amene ali ndi pasipoti ya Britain safunika viza pa masiku 90 amenewa. Amene ali ndi pasipoti ya Malawi, ngakhale atakhala ndi chilolezo chokhala ku Britain mpaka kalekale, ayenera kupempha viza ya Schengen ku ofesi ya kazembe wa dziko limene adzakhaleko masiku ambiri, osati limene adzayambire kulowa. Mtengo wake kwa munthu wamkulu ndi mayuro 90, pempho lingaperekedwe kutatsala miyezi 6 kuti munyamuke, ndipo pamafunika inshuwalansi ya chipatala ya ndalama zosachepera mayuro 30,000. Pasipoti ikhale yoti idzagwirabe ntchito kwa miyezi itatu mutatuluka m'deralo. Vuto la munthu woyenda pa galimoto yogonamo n'lakuti fomu imafunsa kumene adzagone, ndipo iye alibe hotela. Choncho lembani ndondomeko ya ulendo wonse sabata ndi sabata, muphatikizepo mapepala a galimoto, tikiti ya sitima yopita ndi yobwera, ndi umboni wa malo ena ogona amene mwasungitsa. Ngati mukufuna masiku 80, pemphani masiku 80 momveka bwino, chifukwa viza yoyamba kawirikawiri imaperekedwa molingana ndi ndondomeko imene mwaonetsa.

Pali kuwerenga kwinanso kumene abale athu ambiri amaiwala. Amene ali pa viza ya ntchito ndipo akudikira chilolezo chokhazikika sayenera kukhala kunja kwa Britain masiku opitirira 180 pa miyezi 12 iliyonse, ndipo wofuna unzika sayenera kupitirira masiku 90 m'chaka chomaliza asanapemphe, kapena masiku 450 pa zaka zisanu. Ngati chaka chomwecho munapita kumudzi kukakhala mwezi wathunthu pa maliro kapena pa ukwati, uphatikizeni mwezi umenewo musanagule tikiti ya sitima.

Laisensi ndi sikelo

Laisensi wamba ya gulu B imalola kuyendetsa galimoto yosapitirira makilogalamu 3,500 itanyamula zonse. Amene anapambana mayeso a ku Britain chaka cha 1997 chisanafike ali ndi gulu C1, limene limafika makilogalamu 7,500, koma ambiri a ife tinabwera mochedwa kuposa pamenepo. Laisensi ya ku Malawi imagwira ntchito ku Britain kwa miyezi 12 yokha kuchokera pamene munthu wayamba kukhala m'dzikomo, kenako ayenera kulemba mayeso. Amene ali ndi laisensi ya ku South Africa kapena ku Zimbabwe ali ndi mwayi wongoisinthitsa.

Malire a makilogalamu 3,500 amaoneka ngati aakulu kufikira mutadziwa kuti galimoto zambiri zoterezi zimalemera pafupifupi 3,000 zisananyamule kanthu. Zotsalazo n'zimene zinyamule inu ndi akunyumba kwanu, madzi, gasi, zovala, miphika, njinga ndi mipando. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, choncho thanki ya malita 100 yodzadza ikufanana ndi matumba awiri a chimanga. Musakhulupirire zimene wogulitsa wanena kapena zolembedwa m'kabuku: longedzani zonse monga mudzanyamukire, dzadzani dizilo, kwerani nonse, mupite pa sikelo yoyezera malole, ndipo muyeze galimoto yonse kenako mawilo a kumbuyo paokha, chifukwa kumbuyo n'kumene kumayamba kupitirira. Galimoto yolemera kupitirira malire ingakubweretsereni chindapusa, ndipo pa ngozi ingapatse a inshuwalansi chifukwa chokanira kulipira. Pochoka pa sikelo yezaninso kutalika kwa galimoto kuchoka pansi kufika pamwamba penipeni, m'lifupi ndi m'litali mwake, mulembe m'mamita pa kapepala, mukamate pamene maso a dalaivala amafika mosavuta.

Ngati simunayendepo pa galimoto yotere, bwerekani kaye ya hayala kwa sabata imodzi mukayese ku Wales kapena ku Scotland musanagule yanu. Kwa anthu awiri, ine ndimaona kuti yosapitirira mamita 6 ndi theka ndiyo yabwino, pakuti yaitali imakupatsani bedi lalikulu koma imakumanani misewu ya m'midzi yakale ndi malo oimika pafupi ndi misika, zomwe ndi zimene mwapitira.

Mapepala ndi zizindikiro za galimoto

Nyamulani chikalata chenicheni cha umwini, V5C, kapena VE103 ngati galimoto ndi ya hayala. Onani kuti MOT, chiphaso cha chaka chotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, sidzatha muli kunja, chifukwa simungaipangitse ku Spain. Funsani a inshuwalansi kuti chitetezo chonse chimagwira masiku angati kunja kwa Britain, ndipo gulani chithandizo cha pamsewu chimene chatchula kutalika ndi kulemera kwa galimoto yanu, poti zambiri zimakana galimoto zazikulu. Khadi ya GHIC ndi yaulere kwa okhala ku Britain ndipo imathandiza m'zipatala za boma, koma silipira zokubwezani kunyumba mukadwala kwambiri.

Kumbuyo kwa galimoto kumafunika chizindikiro cha UK, chimene chinalowa m'malo mwa GB mu Seputembala 2021. Ku Spain chomata chimenechi n'chofunika ngakhale nambala ya galimoto italembedwa kale UK. Tenganinso zomata zokhotetsa kuwala kwa nyali, chikwangwani cha makona atatu chochenjeza, ndi malaya owala a munthu aliyense, amene asungidwe m'kati momwe mungawavale musanatsike. Chomata cha Crit'Air, chosonyeza utsi wa galimoto m'mizinda ina ya ku France, chiitanitseni pa tsamba la boma la dzikolo kudakali masabata angapo, chifukwa chimabwera pa positi ndipo masamba ena amakweza mtengo wake kangapo.

Kuwoloka

Sitima ya pamadzi yochoka ku Dover kupita ku Calais imatenga pafupifupi mphindi 90, pamene sitima ya pansi pa nyanja yochokera ku Folkestone imatenga mphindi 35 ndipo mumakhala m'galimoto yanu momwemo. Kwa wokhala kumadzulo kwa England, njira ya Portsmouth kupita ku Caen kapena ya Newhaven kupita ku Dieppe imachepetsa mtunda woyendetsa. Palinso sitima zochoka ku Portsmouth ndi Plymouth zopita ku Santander kumpoto kwa Spain, zimene mumagonamo usiku. N'zodula, komabe ndimalangiza kuzigwiritsa ntchito pobwerera, pamene masiku atsala ochepa. Kulikonse kumene mwasankha, gasi amatsekedwa pa botolo musanakwere.

Kuyambira mu Januwale 2021 n'koletsedwa kulowa ndi nyama, mkaka, tchizi ndi zina zopangidwa kuchokera ku zimenezi kuchoka ku Britain, choncho firiji iwoloke yopanda ndiwo za nyama ndipo mukagule tsidya linalo. Ufa wa m'mapaketi ulibe vuto. Tengani wokwanira masabata oyamba, koma kumbukirani sikelo ija. Ku Portugal ufa wa chimanga umapezeka m'masitolo pa dzina lakuti farinha de milho, ngakhale kuti wambiri ndi wachikasu.

Masiku atatu oyamba

Ife tinakulira kuyenda kumanzere kwa msewu, ku Malawi ngakhalenso ku Britain, ndipo tsidya linalo la nyanja amayenda kumanja. Pamsewu wodzadza galimoto sizivuta chifukwa mumangotsata anzanu. Ngozi ili m'mawa, potuluka pamalo ogona kulowa mumsewu wopanda galimoto, pamene manja amabwerera ku chizolowezi mutu usanadzuke. Wokhala pampando wa pambali akhale ndi udindo wonena kuti "kumanja" nthawi iliyonse mukunyamuka, ndipo asachite manyazi ngakhale patapita mwezi. Pozungulira pa raundabauti mumalowera kumanja. M'midzi ina ya ku France, pamphambano popanda chikwangwani, wochokera kudzanja lanu lamanja ndiye woyamba kudutsa, ngakhale akutuluka m'kamsewu kakang'ono.

Tsiku loyamba musapitirire ola limodzi mukuyendetsa. Liwiro m'matauni ndi makilomita 50 pa ola, ndipo m'misewu yambiri ya kumidzi ya ku France ndi 80. Misewu ikuluikulu yolipira imadula galimoto yogonamo kuposa galimoto wamba, ndipo yotalika kupitirira mamita 3 imakwezedwanso gulu lina. Popeza simukuthamangira kulikonse, uzani foni kuti ipewe misewu yolipira. Foniyo sidziwa kutalika kwa galimoto yanu. Mzinda wa Rouen, umene uli panjira yopita kummwera, uli ndi tinjira todutsa pansi tochepera galimoto zoterezi, ndipo apa m'pamene kapepala kaja kagwire ntchito. Pothira mafuta, dizilo ku France ndi gazole, ku Spain ndi ku Portugal ndi gasóleo. Gasolina ndi petulo, ndipo mayina awiriwa amafanana mokwanira kusokoneza munthu wotopa.

Kogona

France ndiye dziko losavuta, chifukwa matauni ndi midzi yambirimbiri inakonza malo oimikapo galimoto zogonamo, otchedwa aire, okhala ndi mpopi ndi potayira zonyansa. Ena ndi aulere, ena amalipiritsa mayuro ochepa. Ku Spain amatchedwa área de autocaravanas. Musawasokoneze ndi malo opumira a m'misewu ikuluikulu, amenenso Afalansa amawatcha aire, koma kumene kugona usiku sikwanzeru chifukwa cha akuba. Pulogalamu ya pafoni ya park4night imasonyeza malo amenewa ndi zimene ogonapo anakumana nazo. Bungwe la France Passion limagulitsa kabuku ka chaka kamene kamakulolani kugona usiku umodzi kwaulere pa mafamu ndi minda ya mphesa. Simukakamizidwa kugula kanthu, koma mlendo wodziwa ulemu amapereka moni pofika, amatsanzika ponyamuka, ndipo sachoka osagula ngakhale botolo la uchi. Kunja kwa miyezi ya tchuthi, khadi ya ACSI imatsitsa mtengo pamalo a misasa okhala ndi mabafa ndi makina ochapira, kumene n'koyenera kupitako kamodzi pa sabata.

Kuimika galimoto ndi kumanga msasa n'zosiyana pamaso pa apolisi, makamaka ku Spain: mukatulutsa mipando, tebulo kapena chinsalu cha mthunzi pamalo oimika galimoto wamba, mwamanga msasa, ndipo mungalipitsidwe. Ku Portugal lamulo la 2021 linaletsa kugona m'galimoto m'malo otetezedwa ndi m'mphepete mwa nyanja kupatula pamene pakonzedwera zimenezo, ndipo kwina konse malire ndi maola 48 m'dera la khonsolo imodzi.

Lamulo limene ndimatsata n'lakuti ndisayendetse kupitirira maola awiri pa tsiku, ndifike pogona isanakwane 3 koloko masana, ndipo pamalo pamene pandisangalatsa ndigonepo kawiri kapena katatu. Wofika usiku amapeza malo atadzadza, amaimika mopendekeka, ndipo m'mawa amanyamuka asanaone kuti tauniyo ili ndi msika Lachitatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'tauni yaing'ono tsiku lachiwiri ndi limene mayi wogulitsa buledi amayamba kukuzindikirani n'kukuuzani kumene kuli mpopi wa madzi abwino. Masitolo ang'onoang'ono a ku France amatseka masana nthawi ya nkhomaliro ndiponso Lamlungu madzulo, pamene ku Spain amatseka chakumasana n'kutsegulanso dzuwa litapendeka. Gulani zakudya m'mawa.

Madzi, chimbudzi, gasi ndi magetsi

Anthu awiri osamala amatha masiku atatu kapena anayi ndi malita 100, ngati akusamba mwa kunyowetsa thupi, kutseka mpopi, kupaka sopo, kenako kutsukuluza. Amene anatungapo madzi pa mjigo sadzavutika nazo zimenezi. Kabokosi ka chimbudzi kamanyamula malita osakwana 20 ndipo kamadzadza pa masiku awiri kapena atatu, kotero kuti kameneka n'kamene kamalamula tsiku lonyamuka kuposa china chilichonse. Pamalo otayira pamakhala mipopi iwiri, wina wa madzi akumwa ndi wina wotsukira kabokosiko. Musalumikize paipi yanu ku wachiwiriwo, ndipo pukutani mpopi wa madzi akumwa musanaugwiritse ntchito, chifukwa si onse amene amasiyanitsa. Madzi otsukira mbale ndi osamba amatayidwa pa ngalande yake, osati m'mbali mwa msewu. Khalidwe lotayira paliponse ndilo lachititsa makhonsolo ena kutseka malo amene anali aulere.

Mabotolo a gasi a kampani ya Calor sasinthidwa kunja kwa Britain, ndipo dziko lililonse lili ndi mabotolo ake. Pa ulendo wa miyezi, ikitsani mabotolo odzadzanso pa filing'i siteshoni, ndipo mugule timilomo tolumikizira, pakuti France ndi Portugal amagwiritsa ntchito mtundu umodzi pamene Spain ali ndi wakewake. Gasi ameneyu amalembedwa GPL ku France ndi ku Portugal, GLP ku Spain. Nthawi yotentha botolo limodzi limakhalitsa masabata ambiri, koma mukayamba kutenthetsa m'kati usiku limatha pa sabata imodzi kapena iwiri. Dzadzani likafika theka. Ikaninso kachipangizo kolira kakamva mpweya woipa wa gasi, ndipo musatseke timabowo tolowetsa mpweya ngakhale kuzizire bwanji.

Magetsi a pamalo ogona ku Britain amakhala a maampu 16 kapena 10, koma tsidya linalo malo ambiri amapereka 10 kapena 6. Maampu 6 pa mavoti 230 ndi mawati 1,380, pamene ketulo ya kunyumba imafuna 2,000 kapena kupitirira. Ndinaphunzira zimenezi pa msasa wina m'mbali mwa mtsinje wa Loire, nditazimitsa magetsi athu m'mawa kwambiri bokosi la maswichi lili lokhoma, n'kudikira mwini malo mpaka 9 koloko. Wiritsani madzi pa gasi, ndipo ngati mukufuna kugona malo opanda magetsi masiku angapo, ikitsani sola ya mawati 100 kapena kuposerapo padenga.

Njira ndi nyengo

Nthawi yabwino ndi Seputembala mpaka Novembala, kapena Malichi mpaka Meyi. Julayi ndi Ogasiti malo amadzadza, mitengo imakwera, ndipo m'kati mwa Spain kumatentha moti galimoto imasanduka uvuni. Wonyamuka kumayambiriro kwa Seputembala angakhale masabata atatu ku France, kudutsa ku Chartres, kutsata Loire pakati pa Amboise ndi Saumur pamene alimi akukolola mphesa, kenako kutsikira ku Bordeaux ndi m'nkhalango ya paini ya Landes mpaka kumalire a Irun. Kuchoka pamenepo njira imakwera ku Burgos ndi Salamanca, n'kutsika pa msewu wa A-66, umene pachigawo chimenechi ndi waulere, kudzera ku Cáceres ndi Mérida, kumene kuli bwalo la masewero ndi mlatho zomangidwa ndi Aroma. Kenako mumakhotera kumadzulo kulowa m'Portugal kudzera ku Elvas ndi Évora. Misewu ina ikuluikulu ya ku Portugal ilibe zipata zolipirira koma makamera okha, choncho lembetsani nambala ya galimoto ndi khadi ya kubanki musanaikwere.

Musanamizidwe ndi dzina la Spain n'kusiya mabulangete. Burgos ili pamtunda wa mamita opitirira 800 kuchokera pa nyanja, ndipo usiku wa mu Novembala kumazizira kuposa Dedza mu Juni. Galimoto zambiri zili ndi kavavu kamene kamatseguka kokha kuzizira kukayandikira madigiri 3, n'kukhuthula madzi a m'chotenthetsera kuti chisaphulike. Pampu ikakhala yoyatsa imapitiriza kukoka mpaka thanki yonse itathera pansi. Ife tinadzuka m'mawa wina kumeneko n'kupeza chithaphwi pansi pa galimoto ndi mpopi wongotulutsa mpweya. Pamalo okwera zimitsani pampu pogona, kapena siyani chotenthetsera chikuyaka pang'ono usiku wonse. Wobwerera pamsewu pakati pa 1 Novembala ndi 31 Malichi adziwenso kuti m'madera a mapiri a ku France lamulo limafuna matayala a nyengo yozizira kapena matcheni.

Tsiku lobwerera liikeni pa tsiku la 83 kapena la 85, osati la 90. Sitima za ku Santander zimaimitsidwa nyanja ya Biscay ikakalipa, ndipo galimoto ikawonongeka Lachisanu madzulo m'tauni yaing'ono, chitsulo chofunikacho sichifika Lachiwiri lisanakwane. Sitima ikalephereka, kuchoka ku Santander kukafika ku Calais pamsewu ndi makilomita opitirira 1,200, omwe pa galimoto yotere ndi masiku atatu oyendetsa kuyambira m'mawa mpaka madzulo.